Mutu 11: Fumbi la Bomba M'kapu ya Mkaka

Kumapeto kwa Januwale 1951, mumzinda wa Rochester m'chigawo cha New York munagwa chipale chofewa monga zimakhalira nyengo yozizira. Akatswiri a kampani ya Kodak, imene inkapanga mafilimu a zithunzi mumzindamo, atayeza chipalecho anapeza kuti chikutulutsa cheza cha nyukiliya chochuluka modabwitsa. Sanavutike kudziwa kumene chachokera. Pa 27 Januwale boma la America linali litaphulitsa bomba loyamba pamalo ake atsopano oyesera zida m'chipululu cha Nevada, mtunda wa makilomita oposa 3,000 kuchokera ku Rochester. Kodak inadandaula, pakuti cheza chimawononga filimu isanalowe n'komwe m'kamera. Bungwe la boma loona za nyukiliya, Atomic Energy Commission, linamva dandaulolo, ndipo linayamba kumadziwitsiratu makampani a mafilimu za mabomba amene akubwera, n'kumawapatsa ndi mapu omwe osonyeza kumene fumbi lingagwere.

Alimi a ng'ombe za mkaka sanalandire mapu. Amayi a ana aang'ono sanauzidwe kanthu, madokotala a ana chimodzimodzi. Za mapu a Kodak anthu ambiri anadzazimva mu 1997, senata Tom Harkin atazitulutsa pamsonkhano wa komiti ya nyumba ya malamulo.

Kuti timvetse zimene alimi aja anayenera kuuzidwa, tiyambire pakhosi. Kutsogolo kwa khosi, m'munsi pang'ono mwa kholingo, pali kachiwalo kofewa kotchedwa chithokomiro. Cha munthu wamkulu chimalemera magalamu 15 mpaka 20, cha khanda galamu imodzi kapena magalamu awiri. Chimapanga mahomoni amene amayendetsa kakulidwe ka thupi ndi ubongo, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi. Kuti chipange mahomoniwo chimafuna ayodini, ndipo palibe chiwalo china chimene chimamutola m'magazi mwakhama ngati icho. N'chifukwa chake mchere wa m'magolosale amauthira ayodini: akasowa m'zakudya khosi limatupa, ndipo ana ena amabadwa ubongo usanakhwime bwino.

Tsoka lake n'lakuti chithokomiro sichisankha. Bomba la nyukiliya likaphulika, maatomu a uranium kapena plutonium amasweka n'kubala tizinthu tambirimbiri tatsopano, ndipo pakati pa timeneti pali ayodini-131. Kwa chithokomiro ayodini ameneyu sasiyana ndi wa mumchere uja. Chimamulandira n'kumusunga, iye ali mkatimo n'kumalasa maselo oyandikana naye ndi cheza chake. Maselo ena amafa, ena amachira, koma ena amangopunduka pang'ono m'malangizo awo amkati, ndipo amenewa ndi amene angadzasanduke chotupa patapita zaka 10, 20, ngakhale 40.

Ayodini-131 sakhalitsa. Pakatha masiku 8 theka lake limakhala litatha mphamvu, pakatha masiku 16 pamatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pomakwana miyezi itatu tingoti watha. Akuluakulu oyesa mabomba ankawerengera cheza chimene munthu angalandire ataima panja mtambo ukudutsa, n'kumati n'chochepa. M'masamu awowo munalibe ng'ombe. Fumbi likatera pamsipu, ng'ombe imodzi imaseteka udzu wa pamalo aakulu tsiku limodzi, zonse zimene zinamwazikana pamenepo n'kusonkhana m'thupi mwake, ndipo zina zimatsikira kubere. Kwa mkaka wokamidwa m'mawa n'kumwedwa madzulo, masiku 8 ndi nthawi yaitali zedi. Womwa kwambiri ndi mwana, amene chithokomiro chake n'chaching'ono komanso chikukula, moti kapu imene kwa bambo ake si kanthu kwenikweni, kwa iye imabweretsa cheza chochuluka kangapo. Mkaka wa mbuzi ndiye unanyanya, chifukwa mbuzi imapititsa ayodini mumkaka wake kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi ng'ombe. Ndipo ndi mkaka umenewu umene makolo ena ankapatsa ana amene wa ng'ombe sunkawayanja, iwo n'kumati akuwasamala.

Kumene mphepo inkalowera

Pakati pa 1951 ndi 1962, mabomba pafupifupi 100 anaphulitsidwa mumlengalenga ku Nevada, makilomita 105 okha kuchokera ku Las Vegas, kumene mahotela ankakopa alendo kuti adzaonerere kung'anima kwa bomba m'bandakucha. Oyesawo ankadikira kuti mphepo iloze kum'mawa kapena kumpoto, kutali ndi mizinda ikuluikulu. Kumene inkalowerako kunali timatauni ta alimi ta ku Utah, Nevada ndi Arizona, komanso kwawo kwa anthu a mitundu ya Western Shoshone ndi Southern Paiute. Pa 19 Meyi 1953 fumbi la bomba lotchedwa Harry linakuta tauni ya St. George ku Utah, ndipo anthu anauzidwa pawailesi kuti abindikire m'nyumba kwa kanthawi. Mkaka sunaletsedwe. Chaka chomwecho nkhosa masauzande zinafa kufupi ndi Cedar City, boma n'kumati zafa ndi kuperewera kwa chakudya ndi nyengo yoipa. Eni nkhosa anasumira boma koma analuza mlandu mu 1956. Mu 1982 woweruza yemweyo, Sherman Christensen, anagamula kuti boma linanamiza khoti, ngakhale kuti khoti la apilo linadzafafaniza chigamulocho.

Fumbilo silinathere ku Utah. Limene linakwera m'mwamba kwambiri linkayenda ndi mphepo n'kukatsika paliponse pamene lakumana ndi mvula. Mu Epulo 1953 chimvula chinatsitsira fumbi la bomba lotchedwa Simon pamzinda wa Troy ku New York, kumene mphunzitsi wina wa sayansi, Herbert Clark, ndi ophunzira ake analipeza ndi makina awo. Mapu a ngoziyi anatuluka amawangamawanga, malinga ndi kumene mvula inagwa tsiku limenelo ndiponso kumene ng'ombe zinali kubusa osati m'khola.

Sikuti njira yodzitetezera inali yosadziwika. Mu Okutobala 1957 moto unabuka pafakitale ya nyukiliya ya Windscale ku England, ndipo mkaka wa m'mafamu a dera la masikweya kilomita pafupifupi 500 unatayidwa. Chaka chomwecho ku Nevada kunachitika mayeso 29 otchedwa Plumbbob, popanda woletsa mkaka. Mu 1962 m'pamene Robert Pendleton wa pa yunivesite ya Utah anachenjeza za ayodini wochuluka mumkaka, azaumoyo a m'chigawocho n'kupatutsa mkaka wina kuti ukapangidwe tchizi ndi mkaka waufa, zinthu zokhala nthawi zisanadyedwe. Chofunika chinali chomwecho basi: kusunga mkaka milungu ingapo, kapena kutsekera ng'ombe m'khola n'kumazidyetsa udzu wouma wodula kale.

Umboni wowawa kwambiri unachokera kuzilumba za Marshall. Pa 1 Malichi 1954 bomba la Castle Bravo linaphulika ku Bikini ndi mphamvu ya mamegatani 15, kuposa kawiri imene olipanga ankayembekezera. Patangopita maola, phulusa loyera linayamba kugwa pachilumba cha Rongelap, makilomita oposa 150 chakum'mawa. Linagwera m'matanki a madzi a mvula, pachakudya, m'tsitsi la anthu. Ana analiseweretsa. Pomadzawasamutsa patatha masiku awiri, ambiri anali atayamba kale kuchita nseru ndi kuyabwa khungu. Kumeneku kunalibe ng'ombe. Ayodini analowa ndi madzi ndi chakudya. Madokotala a ku Brookhaven National Laboratory ankawayendera chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka 9 pakhosi sanapezepo chodetsa nkhawa. Mu 1963 anapeza kachotupa koyamba pakhosi la mtsikana wina. M'zaka zotsatira, ambiri mwa amene anali asanakwane zaka 10 tsiku la bombalo anapezeka ndi vuto la chithokomiro. Anyamata awiri anapinimbira chifukwa chithokomiro chawo chinafota, ndipo anayambanso kukula atayamba kumwa mapiritsi a mahomoni.

Mankhwala amene dokotala ankawadalira

Nanga n'chifukwa chiyani dokotala wamba wa ku America sanatekeseke? China n'chakuti zambiri zinkasungidwa mwachinsinsi. Koma chinanso n'chakuti iye ayodini-131 ankamudziwa ngati mankhwala. Glenn Seaborg ndi John Livingood atamutulukira mu 1938 ku Berkeley, sipanapite zaka zambiri madokotala anayamba kumwetsa odwala a chithokomiro chothamanga kwambiri, kenako ndi a khansa ya chithokomiro yomwe, ndipo mpaka lero amatero. Odwala masauzande anamwa, kafukufuku osapeza kuti khansa yawachulukira kwenikweni. Apa m'pamene panamera maganizo akuti cheza cha ayodini n'chofatsa. Chimene ambiri sanachilingalire n'chakuti odwalawo pafupifupi onse anali akuluakulu.

Ngozi ya Chernobyl ya pa 26 Epulo 1986 ndi imene inagwetsa maganizowo. Mu 1992 madokotala a ku Belarus analengeza kuti khansa ya chithokomiro, imene mwa ana imasowa kwambiri, yachuluka mwadzidzidzi makamaka m'chigawo cha Gomel. Akatswiri ambiri a kunja anakayikira, ati zatulukira msanga kwambiri. Pofika 2005, anthu oposa 6,000 a ku Belarus, Ukraine ndi Russia amene anali ana pa nthawi ya ngoziyo anali atapezeka nayo, ndipo njira yaikulu inali mkaka womwe uja. Madera ambiri kumeneko ayodini ankaperewera m'zakudya, ndipo chithokomiro cha njala chimameza wochuluka chikamupeza. Mchere wa ayodini uli ndi phindu limenelinso, ngakhale kuti pa iwo wokha sungateteze munthu fumbi likagwa.

Nyumba ya malamulo ya America inali italamula kale mu 1983 kuti pachitike kafukufuku wa ayodini wa ku Nevada. Bungwe la National Cancer Institute linatulutsa zotsatira mu 1997, patatha zaka 14. Linapeza kuti pafupifupi aliyense mwa anthu 160 miliyoni amene anali m'dzikolo zaka zimenezo analandirako kena kake. Pamuyeso wotchedwa rad, munthu mmodzi analandira pafupifupi 2 pachithokomiro chake, koma m'maboma ena ang'onoang'ono, monga Meagher ku Montana ndi Custer, Gem, Blaine ndi Lemhi ku Idaho, chiwerengerocho chinakwera mpaka kufika cha m'ma 16, ndipo cha ana chinali chokwera kuposa pamenepo. Khansa yowonjezereka chifukwa cha ayodiniyu inayerekezedwa kuti ingagwire anthu pakati pa 11,300 ndi 212,000. Mpata waukulu choncho pakati pa manambala awiriwo ukusonyeza, mwa zina, kuti mkaka sunkayezedwa kawirikawiri pamene unkamwedwa. Zonse zinachita kuwerengeredwa chobwerera m'mbuyo.

Munthu amene wamva zimenezi pawailesi sapita kwa katswiri wa nyukiliya. Amapita kwa dokotala kapena namwino wa kuchipatala chake cha masiku onse, munthu amene mwina kusukulu ya udokotala sanamvepo n'komwe za St. George. Bungwe la Institute of Medicine, m'lipoti lake la mu 1999, linalangiza kuti boma lisayambitse ntchito younika khosi la munthu aliyense, koma liphunzitse anthu ndi achipatala. Potsatira zimenezo National Cancer Institute inakonza timabuku ndi tsamba la pa intaneti lowerengera cheza chimene munthu angakhale atalandira, ndipo mu 2002 bungwe lina la boma, ATSDR, linatulutsa phunziro la ayodini-131 la madokotala ndi anamwino.

Zimene wachipatala amaphunzira

Choyamba chimawawa kuchivomereza: palibe choyeza. Ayodini uja anatha kalekale, sapezeka m'magazi, mumkodzo kapena patsitsi. Chotupa chobwera ndi bomba, dokotala akachiunika, sangachisiyanitse ndi chotupa china chilichonse. Chida chimene chatsala ndi kufunsa, ndipo mafunso ake ndi a kukhitchini.

"Mayi, munabadwa chaka chanji, ndipo ubwana wanu munali dera liti?"

"Mkaka munkamwa wogula kusitolo kapena wokama pakhomo? Mbuzi zinalipo?"

"Muli khanda munkayamwa, kapena amayi ankakupatsani wa m'botolo?"

Funso lililonse lili ndi chifukwa chake. Amene ali pangozi kwambiri ndi amene anali ana pakati pa 1951 ndi 1962, kuphatikizapo amene anali m'mimba, chifukwa chithokomiro cha mwana wosabadwa chimayamba kutola ayodini mimba ikakwana miyezi itatu. Mkaka wa kusitolo unali wosakaniza wa mafamu ambiri ndipo unkatha masiku panjira, pamene wa pakhomo unkachoka kubere la ng'ombe imodzi, yodya pamsipu umodzi, n'kumwedwa udakali wofunda. Mwana woyamwa ankalandira wocheperapo kusiyana ndi womwa wa ng'ombe. Ndipo mafunso a m'buku sakwanira kwa aliyense: ofufuza amene anakhala pansi ndi akuluakulu a Western Shoshone ndi Southern Paiute anapeza kuti mabanja awo ankadya kwambiri akalulu a kutchire, amene zithokomiro zawo zinali zodzaza ayodini, chinthu chimene masamu a boma sanachiwerengere. Chovuta china n'chakuti wodziwa mayankho enieni ndi mayi wa wodwalayo, ndipo ambiri mwa amayi amenewo anatisiya.

Chachiwiri ndi manja. Dokotala amaima kumbuyo kwa wodwala, zala za manja onse awiri n'kuziika kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Amamupatsa madzi kuti ameze. Pomeza, chithokomiro chimakwera n'kutsika pansi pa zalazo, ndipo ngati pali kabulu kamamveka kakudutsa. Amapapasanso m'mbali mwa khosi ngati muli mwanabere. Chotupa cholimba chosasuntha, chokula msanga, mawu osasa osachira, kuvutika kumeza, zimenezi n'zosadikira nazo: wodwala amapita kukajambulidwa ndi makina a ultrasound, ndipo ngati pakufunika amatengako timaselo ndi singano yopyapyala kuti tikaunikidwe. Wodwala wodandaula kufooka, kuzizidwa ndi kunenepa mosadziwika bwino amayezedwa magazi kuti aone ngati chithokomiro chikugwira ntchito.

Chachitatu ndiye chovuta kuphunzitsa, chifukwa ndi kudziletsa. Munthu wamantha amapempha kuti amujambule, ndipo kwa dokotala n'kosavuta kungovomera. Koma makina a ultrasound amaona zambiri. Mwa anthu achikulire, mwina theka ali ndi timabulu m'chithokomiro, ndipo pa timabulu 10 aliwonse 9 kapena kuposa si khansa. Singano nthawi zina siyankha momveka, ndiye munthu amathera kumpeni. Opaleshoni ya chithokomiro ingavulaze mtsempha wa mawu kapena tiziwalo toyendetsa kashiamu m'magazi, ndipo wochotsedwa chithokomiro chonse amamwa mapiritsi a levothyroxine moyo wake wonse. Zimene zinachitika ku South Korea zinadzatsimikiza nkhawayi. Zipatala zitayamba kujambula makosi a anthu osadwala, opezeka ndi khansa ya chithokomiro anachuluka kuwirikiza ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Ambiri anachitidwa opaleshoni chifukwa cha tizotupa timene sitikanawavuta mpaka ukalamba. Khansa ya chithokomiro yofala kwambiri imakula pang'onopang'ono, ndipo ochuluka zedi amachira ngakhale itapezeka pamene yayamba kumveka ndi zala.

Pa sayansi, langizo la 1999 lija linali lolondola. Koma tangoganizani mmene linamvekera kwa munthu wa ku St. George amene boma linamuuza ali mwana kuti palibe choopsa, lero boma lomwelo n'kumuuza kuti kuunikidwa n'kosafunika. Apa wachipatala ayenera kusamala lilime. Chitsanzo chake ndi Hanford, m'chigawo cha Washington, kumene fakitale yopanga plutonium ya mabomba inatulutsa ayodini-131 wambiri kuyambira 1944, ndipo mu Disembala 1949 inachita kumutulutsa dala pa kuyesa kotchedwa Green Run. Anthu a m'deralo anadzadziwa zimenezi mu 1986. Kafukufuku wa anthu 3,440 amene anakulira kumeneko sanapeze kuti olandira cheza chambiri ankadwala chithokomiro kuposa olandira chochepa. Zotsatira zoyamba zitalengezedwa mu 1999, zinanenedwa motsimikiza kwambiri moti odwala anamva ngati akuuzidwa kuti akunama, ndipo akatswiri a National Academy of Sciences ataunika anati ofufuzawo ananena mopitirira zimene umboni wawo ukanatha kunyamula. Dokotala wabwino amauza wodwala wake zonse ziwiri: kuti mbiri yake ikusonyeza kuti ngozi yake ndi yokwererapo, ndiponso kuti palibe munthu angamuuze motsimikiza chimene chinayambitsa chotupa chakecho. Akatero amamufotokozera ubwino ndi kuipa kwa kujambulidwa, n'kusankhira limodzi.

Pali phunziro linanso loyang'ana kutsogolo, la mapiritsi a potassium iodide. Amagwira ntchito podzaza chithokomiro ndi ayodini wabwino kuti woipayo akafika asowe malo, monga mtsuko wodzaza kale sulandira madzi ena. Ayenera kumwedwa fumbi lisanafike kapena m'maola ochepa litangofika. Pakadutsa tsiku phindu lake limakhala litatha. Malangizo a World Health Organization amati wamkulu amwe mamiligalamu 130, mwana wa zaka 3 mpaka 12 amwe 65, ndipo khanda la mwezi woyamba 16. Oyamba kupatsidwa ndi ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Opitirira zaka 40 sapindula kwenikweni. Dziko la Poland linamwetsa ayodini wamadzi ana oposa 10 miliyoni Chernobyl itaphulika, ndipo mavuto aakulu obwera ndi mankhwalawo anali osowa. Mapiritsiwa amateteza chithokomiro chokha, ndipo kwa amene anamwa mkaka wa mu 1953 alibe ntchito, ngakhale kuti odwala ena amawapempha.

Mafunso a kukhitchini aja amagwira ntchito kulikonse kumene bomba linaphulitsidwa poyera, kungosintha nyama yokamidwa. Ku Semipalatinsk ku Kazakhstan, kumene Soviet Union inayamba kuyesa mu 1949, ofufuza anafunsanso za mkaka wa akavalo ndi nkhosa. Mu Africa muno, France inaphulitsa bomba lake loyamba pa 13 Febuluwale 1960 kufupi ndi Reggane, m'chipululu cha Sahara ku Algeria. Pangano la mu 1963 linaletsa kuyesa mumlengalenga, koma France ndi China sanasaine: France inapitiriza mpaka 1974, China mpaka 1980.

Ku America, wachipatala ali ndi ntchito inanso ya papepala. Lamulo la mu 1990, Radiation Exposure Compensation Act, linakhazikitsa chipukutamisozi cha madola 50,000 kwa anthu a kumene mphepo inkalowera amene anadwala mitundu ina ya khansa, ya chithokomiro ili pomwepo. Wodwala safunika kutsimikiza kuti bomba ndi limene linamudwalitsa, koma ayenera kuonetsa zikalata za kuchipatala za matenda ake ndi umboni woti ankakhala m'dera lovomerezeka zaka zimenezo, monga mabuku a kusukulu kapena a kutchalitchi. Dokotala wosadziwa za lamuloli sangamulozere njira. Madera ovomerezekawo poyamba anali maboma ena a ku Utah, Nevada ndi Arizona okha. Anthu a ku Custer, Gem, Blaine ndi Lemhi, amene lipoti la 1997 linawaika pamwamba penipeni pa mndandanda, anakhala kunja kwa lamuloli mpaka mu 2025, pamene nyumba ya malamulo inaphatikizamo chigawo cha Idaho n'kukweza ndalamayo kufika pa madola 100,000.